Ngati Mulungu anasankhiratu, mwana wanga ndimupemphererenji?

Kalata iyi ndinaiwerenga katatu usiku wa Lachiwiri, ndipo tulo tinandithawa. Mayi wina wandilembera kuti mwana wawo wamwamuna ali ku Joni, za tchalitchi anasiya kalekale, ndipo mlaliki wina anawauza kuti Mulungu anasankhiratu opulumuka dziko lisanalengedwe. Funso lawo ndi lakuti, ngati nkhani inatha kale kumwambako, mawondo awo akuwavutitsiranji?

Mayi, funso lanuli ndinaliona ndi maso anga m'nyumba mwathu ndili mwana.

Achimwene anga aakulu anayamba kachasu akadali mnyamata. Fodya akagulitsidwa, ndalama sinkafika pakhomo. Ankabwera usiku akudzandira, nthawi zina malaya atang'ambika, nthawi zina atanyamulidwa ndi anzawo. Amayi athu anali a Chigwirizano, ndipo usiku uliwonse ankayala mphasa pafupi ndi chitseko, koloboyi akufuka, n'kugwada kutchula dzina la mwana wawo mpaka mawu kusasa. Ine ndinkanamizira kugona, koma ndinkamva zonse.

Tsiku lina kunabwera mkulu wina wa mpingo kudzacheza. Amayi anawaphikira tiyi ndi mbatata, n'kuwadandaulira. Iwo anapukusa mutu nati, "Mayi, ena sanalembedwe m'buku la moyo. Musadzitopetse." Amayi anangoti zikomo, n'kuwaperekeza mpaka kumsewu. Usiku umenewo mphasa sinayalidwe. Panatha sabata ziwiri m'nyumba muli zii, ndipo bata limenelo linkandiopsa kuposa phokoso la achimwene.

Ndakhala zaka zambiri ndikuyesa kuwamvetsa mkulu uja. Lero ndikunena poyera kuti analakwa, ndipo analakwa kwambiri. Buku la moyo analiwerenga liti? Anawatsegulira ndani? Deuteronomo 29:29 akuti zinsinsi n'za Yehova Mulungu wathu, zovumbulutsidwa ndizo zathu ndi ana athu. Mndandanda wa osankhidwa ndi chinsinsi. Chimene tinapatsidwa ife ndi mawu a Yesu pa Yohane 6:37, akuti wobwera kwa Iye sadzamutaya kunja. Munthu amene amasiya mawu amenewa n'kumalosera za mndandanda wosaoneka akulowerera ntchito ya Mulungu.

Musandimve molakwika, chiphunzitso cha kusankhaku ine ndimachikhulupirira ndi mtima wonse. Aefeso 1:4 akuti anatisankha mwa Khristu lisanakhazikike dziko lapansi. Aroma 8:30 akulumikiza zonse ngati unyolo: amene anawakonzeratu anawaitana, amene anawaitana anawayesa olungama, amene anawayesa olungama anawapatsa ulemerero. Koma tawerengani bwino Aefeso uja. Paulo akuyamba ndi kulemekeza Mulungu, mawu akungosefukira ngati mtsinje wa mu Febuluwale. Akuuza anthu amene kale ankapembedza mafano kuti chipulumutso chawo sichinayambe dzulo, ndipo sichidalira mphamvu zawo zochepazo. Ndi mawu otonthoza. Kuwatenga n'kukwapula nawo mayi wolira ndi nkhanza.

Ndipatukeko pang'ono, poti anthu amakonda kunena kuti "ndi chiphunzitso cha mpingo wathu." Mkangano umenewu ndi wakale. Jacobus Arminius, mphunzitsi wa zaumulungu, atamwalira mu 1609, otsatira ake analemba mfundo zisanu mu 1610 zotsutsa mmene mpingo wawo unkaphunzitsira za kusankhaku, ndipo msonkhano waukulu unakumana ku Dordrecht, m'dziko la Netherlands, kuyambira 1618 mpaka 1619 kuti uwayankhe. Amishoni a Dutch Reformed amene anafika ku Mvera mu 1889, kenako ku Nkhoma, anachokera mu mwambo wa ku Dordrecht womwewo. Komatu akuluakulu a ku Dordrecht aja, ngakhale anaumirira kuti Mulungu amasankha mwa chisomo chake chokha, analembanso kuti Uthenga Wabwino ulalikidwe kwa anthu onse mosasankha. Analembanso kuti makolo okhulupirira asakayike za ana awo amene amwalira ali makanda. Ndiye mkulu uja sankadziwa ngakhale chiphunzitso chimene ankadzitama nacho.

Chombo cha Paulo

Nkhani imene inandimasula ine ili pa Machitidwe 27. Paulo ali m'chombo kupita ku Roma, namondwe wawazunza masiku khumi ndi anayi, muli anthu 276. Mngelo wamuuza kuti palibe mmodzi adzafe. Nkhani yatha, eti? Koma amalinyero atafuna kuthawa pa kabwato, Paulo yemweyo akuuza kenturiyo, mkulu wa asilikali, kuti anthu awa akapanda kukhala m'chombo, inu simungapulumuke. Kenako akuwakakamiza kudya kuti apeze mphamvu. Pomaliza ena anasambira, ena anagwira matabwa, onse anafika kumtunda pa chisumbu cha Melita. Mulungu amene anakonza zoti apulumuke ndi yemweyo anakonza amalinyero, mkate ndi matabwa. Pemphero lanu, mayi, ndi limodzi mwa matabwa amenewo. Ndani akuika mtolo umenewu pamtima panu usiku uliwonse, ngati si Iye?

Monica analirira mwana wake Augustine zaka zambiri, mnyamata wanzeru koma wotayirira, mpaka anabatizidwa ku Milan mu 387. Ndipo Augustine yemweyo ndiye anadzakhala mphunzitsi wamkulu wa za chisomo ndi kusankha kwa Mulungu. Iye sanaone kutsutsana kulikonse pakati pa misozi ya mayi ake ndi chikonzero chosatha.

Amayi athu anayalanso mphasa ija, popanda wowalangiza. Anangoti, "Ndine ndinamubereka, sindingathe kukhala chete." Achimwene anamwabe zaka zina zisanu ndi zinayi mpaka thupi linagonja. Ali gone kuchipatala, mimba itatupa, maso achikasu, anagwira chitenje cha amayi nati, "Amayi, mundipempherere, ndipo mundiphunzitse ndinene nawo." Ananena nawo mawu ndi mawu ngati mwana wa Sande sukulu. Anatisiya patatha masiku anayi. Ndikaganiza za wachifwamba uja wa pa Luka 23, amene analapa ali pamtanda pambali pa Yesu, ndimaona nkhope yawo.

Tsono mayi, pitirizani kugwada, ndipo muzimutchula dzina. Muzimuimbira foni kumufunsa ngati wadya ndi momwe ntchito ikuyendera, osati kumutumizira mavesi khumi pa WhatsApp m'mawa uliwonse. Pezani mayi mmodzi wokhulupirika woti muzipemphera naye. Mlaliki ujayo akadzabwerezanso, mumufunse mwaulemu vesi limene likutchula mwana wanu kuti anatayidwa.