Loya Akalakwitsa Wilo ku England, Yambani Mwawerenga Miyezi 6

Mayi, mwalemba kuti malume anu, omwe ankakhala ku Leicester, adauza loya wawo kuti nyumba idzakhale yanu, koma wilo (chikalata chonena mmene chuma cha womwalira chigawidwire) itawerengedwa dzina lanu mulibe, ndipo nyumbayo yalowa m'chuma chimene ana awo agawane. Mukufunsa ngati mungasumire loyayo pamene si inu amene mudamulemba ntchito.

Malamulo a ku England amalola zimenezi. Pa mlandu wa White v Jones mu 1995, bambo wina adauza maloya kuti amulembere wilo yatsopano yopatsa ana ake aakazi awiri £9,000 aliyense, koma maloyawo adazengereza mpaka bamboyo adamwalira, ndipo bwalo la House of Lords, lomwe pa nthawiyo lidali khoti lalikulu koposa ku England, lidagamula kuti alipire anawo. Komabe kusumira loya sindiko koyambira, ndipo apa ndi pamene ndaona milandu yooneka yolimba ikugwa.

Gawo 20 la lamulo la Administration of Justice Act 1982 limapatsa khoti mphamvu yokonza wilo ngati wolemba adalakwitsa pokopera kapena sadamvetse zimene mwini wake adamuuza. Pempho lotere liyenera kufika kukhoti pasanathe miyezi 6 kuchokera tsiku limene chikalata cha grant of probate, chimene khoti limapereka polola oyendetsa chuma cha masiye kuyamba ntchito, chidatuluka, osati tsiku limene inu mudaona wilo. Nthawiyo ikadutsa mumayenera kupempha chilolezo chapadera, chimene woweruza angathe kukana, ndipo oyendetsa chuma cha masiye amakhala otetezedwa akagawa chumacho. Pa mlandu wa Walker v Medlicott, bwalo la apilo la Court of Appeal lidanena kuti wodandaula, yemwenso ankalimbira nyumba, adayenera kuyamba wapempha kuti wilo ikonzedwe asanathamangire kwa loya. Tanthauzo lake n'lakuti amene wagonera miyezi imeneyi angaluze mbali zonse ziwiri.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti miyeziyi imatha mwaulemu. Ofesi ya loya imayankha kuti ikufufuza, achibale akuti nkhani za chuma zidikire kaye chiliza chimangidwe, ndipo wodandaula amakhala chete poopa kuoneka wadyera. Khoti silidikira chiliza.

Sindingakulonjezeni kuti mupambana. Zimene malume ankanena pocheza sizikwanira pazokha, chifukwa khoti limafuna umboni wamphamvu wa zimene adauza loyayo, makamaka zimene loyayo adalemba pa tsiku lokumana nawo. Ngati zolembazo zikuonetsa kuti malume adasintha maganizo, mlandu wanu watha. Ngati zikuonetsa kuti loya adamva bwino koma adaphonya pa lamulo, njira yokonza wilo mwina singagwire, ndipo apo kusumira mwachindunji kumakhala ndi maziko.

Choncho sabata ino fufuzani tsiku la grant of probate pa tsamba la boma la Britain. Pezani loya wina wodziwa milandu ya chuma cha masiye, amene alembe kalata yotchedwa Larke v Nugus yofunsa mmene wiloyo idalembedwera, ndipo achenjeze oyendetsa chumacho kuti asagawe nyumbayo. Onani m'kaundula wa Solicitors Regulation Authority, bungwe loyang'anira maloya, ngati wolemba wiloyo alidi loya, popeza maloya amakakamizidwa kukhala ndi inshulansi pamene olemba mawilo wamba sakakamizidwa. Mlandu wa kusasamala pantchito nthawi zambiri umakhala ndi malire a zaka 6. Kudandaula kwa Legal Ombudsman, ofesi yomva madandaulo okhudza ntchito ya maloya, n'kwaulere, koma mumayamba mwadandaula ku ofesi ya loyayo n'kuipatsa masabata 8, ndipo dandaulo limeneli siliimitsa nthawi ya kukhoti. Ngati malume adasiyanso malo kapena nyumba ku Malawi, zimenezo zimayendera malamulo a ku Malawi ndipo zifunika loya wa kumeneko.