Ine ndinalemba za ana, anandikana

Achemwali, ndawerenga zanuzi mtima wangoti myuu. Zaka 10 zomwe mwalemba kuti awatsekera amuna anu kulowa muno mu America zinatigweranso ife. Pepani ndilemba mothamanga, ndili pa buleki.

Bambo a kunyumba kwanga analowa muno ndi visa ya alendo, masiku n'kutha, iwo n'kukhalabe zaka zitatu. Pomwe timakwatirana ine ndinali kale citizen, ndiye akanatha kukonza mapepala ali momwe muno, ndi mafomu opemphera green card, I-130 ndi I-485, osaponda pabwalo la ndege. Koma apongozi atamwalira, mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, wodzitcha katswiri wa mapepala, anadya $1,500 yathu n'kunena kuti pitani mukaike maliro, interview mukachitira konko, sizichedwa. Sanatchule n'komwe kuti ukapyola masiku 180 nthawi yako itatha n'kutuluka akutsekera zaka 3, ukapyola chaka ndi zaka 10. Mpaka lero bamboyo amaima kutsogolo kumapempherera apaulendo. Ine ndimangoyang'ana pansi.

Tsiku la interview ndinali pa night shift ku nursing home. Kumudzi kutacha kale, kuno 3 koloko usiku. Foni inalira ndili ndi thewera la agogo ena m'manja, ndinathawira m'kachipinda kosungira zofunda. Amuna angawo ngakhale moni ayi, anangoyamba kundiwerengera zapakapepala kowakanira visa, 212(a)(9)(B), ndime ya lamulo lotsekera okhalitsa, mawu akunjenjemera, kumbuyo kondakitala wa minibasi akuitanira. Ndinakhala pansi magulovu ndisanavule. Belu la chipinda 14 likungolira, likungolira. Ndinapukuta misozi ndi nsalu ya pilo n'kubwerera kukawamaliza agogo aja.

I-601 yoyamba, fomu yopempha kuti awakhululukire zaka 10 zija, ndinalemba ndekha, masamba asanu ndi limodzi, zonse za ana: sakudya, akufunsa adadi. Inakanidwa. Pa mlandu wokhalitsawu ana sawerengedwa. Lamulo limaona mavuto a mkazi, mwamuna kapena kholo amene ali citizen kapena wa green card, basi. Kusowana kokhako amati n'zogwera banja lililonse, a immigration akufuna extreme hardship, kutanthauza mavuto opyola muyeso. Ndiye onetsani mbali zonse ziwiri, mukatsala kuno nokha zikuthinani bwanji, mukawatsatira kumudzi zikuthinani bwanji. Yachiwiri ndinaikamo kalata ya dokotala ya BP ndi shuga, malisiti a mankhwala, chikalata cha lendi yotsalira, mabilu a daycare, ndi malisiti onse a ndalama zomwe ndimatumiza. Ana ndinawalowetsa kudzera mwa ine, kuti wodwalayo ndi amene akuwalera yekha. Iyo inadutsa, koma wamng'ono anali atayamba kale sukulu.

Wina akakuuzani za I-601A, fomu inanso yopempha chikhululukiro, musataye ndalama, ija ndi ya amene sanatuluke. Ngati amuna anuwo anachita kuwathamangitsa, pafunikanso I-212, fomu yopempha chilolezo chobwereranso. Ndipo asayerekeze kudzera njira zachidule za m'malire, pamenepo ndiye chitseko amachikhomera misomali.

Pezani loya weniweni, I-601 yokha ndi $1,050 kuyambira 2024, si yoseweretsa. Ngakhale kunena zoona wanga anangondipatsa mndandanda, mapepala onse ndinathamangira ndekha ndi mapazi angawa. Komanso nkhaniyi musamaiulule kutchalitchi. Chabwino, amene ankandigonera ndi ana ndikakhala night anali amayi a komweko, koma inu mwamva.

Mundiuze zomwe alemba pakapepala ka amuna anuko, ndiyankha ndikaweruka 7 koloko.