Virginia: mukafike ku Lynchburg, kumene anaphunzira Chilembwe

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wawo wawaitana ku Washington, likulu la America, ndiye akufunsa ngati chigawo cha Virginia, chomwe chili tsidya lina la mtsinje wa Potomac, chili ndi zoti munthu n'kukaona kupatula masitolo. Mayi, zilipo, ndipo zina zikukhudza ife tomwe.

Kum'mawa kwa Virginia n'kwachidikha, kuli nyanja ya Atlantic ndi Chesapeake Bay. Kumadzulo kuli mapiri a Blue Ridge. Ngati ulendo wanu ndi wa mu Okutobala, mwana wanuyo akakuyendetseni pa Skyline Drive, msewu wa makilomita 169 wodutsa pamwamba pa mapiri a ku Shenandoah, masamba atafiira psuu asanayoyoke.

Koma ine mtima wanga uli pa mbiri yake. Angerezi anamanga mudzi wawo woyamba wokhazikika wa ku America ku Jamestown mu 1607, pa nthaka ya anthu a mtundu wa Powhatan. Chinawalemeretsa ndi fodya, ndipo amene munalimapo fodya mukudziwa kuti ntchito yake siyogwira munthu mmodzi. Mu 1619 sitima inatsitsa pa Point Comfort anthu oposa 20 ogwidwa ku Angola. Malowo ali mumzinda wa Hampton lero. Ku Monticello, nyumba ya Thomas Jefferson, pulezidenti wachitatu wa America, amene analemba kuti anthu onse analengedwa ofanana, musakangosirira nyumbayo ayi. Mukapemphe kuti akuonetseni kumene ankagona akapolo ake. Pa moyo wake wonse anali nawo oposa 600.

Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, mzinda wa Richmond ndi umene unali likulu la zigawo zokakamira ukapolo, mpaka mkulu wa asilikali awo, Robert E. Lee, anagonja ku Appomattox mu 1865. Kufupi ndi pamenepo kuli Lynchburg. John Chilembwe anapita ku America ndi mmishonale Joseph Booth mu 1897, n'kukaphunzira mumzindawu pa Virginia Theological Seminary and College, sukulu ya Abaptisti akuda. Taganizani, Mayi: panali patangopita zaka 32 chithere nkhondoyo, moti akuluakulu ambiri amene ankapemphera nawo anabadwira muukapolo. Mu 1900 anabwerera kudzayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu.

Sukuluyo ilipobe, pano imatchedwa Virginia University of Lynchburg. Kuchokera ku Washington ndi ulendo wa maola atatu kapena anayi pagalimoto. Mukanyamuke m'mamawa, mukagone konko, kukacha mukadutsire ku Appomattox.