Mukuti khonsolo siimva, koma mudagogoda pa khomo liti?

Gulu lina la achinyamata lafunsa kuti: "Agogo, ngalande ya m'dera lathu idatsekeka kalekale ndipo zinyalala zafika mumsewu. Talemba pa Facebook, ena mpaka atukwana a khansala, koma palibe chasintha. Ena mwa ife akuti tingotenga mafosholo tikonze tokha, ena akuti tisawapeputsire ntchito a khonsolo. Ku misonkhano nako amati ana sayankhula pamaso pa akulu. Titani?"

Adzukulu anga, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa adadya phula. Mkwiyo wanu ndi womveka, kungoti mwautula pakhomo polakwika.

M'mizinda yambiri khonsolo ili ndi anthu a magulu awiri. Alipo osankhidwa pa chisankho, makhansala ndi meya. Awa amakhazikitsa malamulo a mzinda, amavomereza bajeti, ndipo amakhala m'makomiti monga ya zachuma, ya zaumoyo ndi ya zomangamanga. Ndiye alipo olembedwa ntchito: mainjiniya, oyang'anira zaukhondo, osunga ndalama, pamodzi ndi mkulu wawo. Lole yotola zinyalala, mafuta ake ndi ndandanda ya komwe ipite mawa zili m'manja mwa gulu lachiwirili. Khansala alibe lole. Mphamvu yake ndi kutengera nkhani yanu ku komiti ndi kufunsa olembedwa ntchito chifukwa chimene sanagwirire ntchitoyo. Mukamutukwana mwataya munthu amene akadakulankhulirani m'chipinda chimene inu simuvota.

Musanalembe kalikonse, fufuzani ngati chinthucho n'cha khonsolo. Msewu waukulu wodutsa mumzinda kawirikawiri umakhala wa boma lalikulu, ndipo ngalande ya m'mbali mwake ikhoza kukhala ya omwewo. Mapaipi a madzi ndi nthambo za magetsi nazo nthawi zambiri zimakhala ndi mabungwe akeake. Makalata ambiri amafera mu diloo chifukwa adapita kwa munthu amene alibe ulamuliro pa nkhaniyo, ndipo iye sadzavutika kukuuzani.

Kalata yanu ikhale ya tsamba limodzi, nkhani imodzi. Mukaphatikiza ngalande, magetsi a mumsewu ndi kusowa kwa ntchito, aliyense woiwerenga adzati ndi ya mnzake. Tchulani malo enieni, kuyambira pati mpaka pati. Yezani kutalika kwa gawo lotsekekalo, ngakhale ndi mapazi ngati mulibe tepi. Werengani nyumba zimene madzi amalowa mvula ikagwa, nenani mwezi umene vutolo lidayamba, ndipo zithunzi zanu zikhale ndi tsiku limene zidajambulidwa. Kenako pemphani chinthu chimodzi chotheka: "Tikupempha kuti injiniya adzaone malowa mvula isanayambe." Asayine anthu okhala pomwepo, ndi maina awo onse, osati anzanu a kutali ongofuna kuchulutsa chiwerengero. Konzani makope awiri. Imodzi musiye ku ofesi yolandira makalata, inayo akudindireni chidindo cha tsiku limenelo mubwerere nayo. Popanda chidindo, mawa adzakuuzani kuti kalatayo sadaione, ndipo mudzasowa poyambira. Pakatha masabata awiri bwererani ndi kope lanu m'manja, mufunse kuti kalatayo ili pa tebulo la ndani. A khansala nawo apatseni yawo.

Musapeputse kuwerengaku. Mu 1854 kolera itabuka m'dera la Soho ku London, dokotala John Snow adalemba nyumba ndi nyumba kumene anthu adamwalira, n'kupeza kuti maliro adaunjikana mozungulira mjigo wa pa Broad Street. Adapita ndi umboniwo kwa akuluakulu oyang'anira deralo, ndipo iwo adachotsa chogwirira cha mjigowo. Anthu ambiri adalira maliro amenewo, koma amene adasuntha akuluakulu ndi amene adabwera ndi chiwerengero.

Tsono nkhani ya ndalama, pamene achinyamata ambiri mumagwera. Khonsolo imapeza ndalama kuchokera ku msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za malonda, zolipira m'misika, ndi zimene boma lalikulu limatumiza. Ndalamazo zimagawidwa m'matumba awiri. Thumba loyamba ndi la ntchito za tsiku ndi tsiku: malipiro, mafuta, kusesa, kutola zinyalala. Lachiwiri ndi la chitukuko: kumanga mlatho, msika, ngalande yatsopano ya simenti. Kuchotsa matope m'ngalande yanu ndi kwa thumba loyamba, ndipo kungachitike mwezi uliwonse ngati mafuta alipo. Koma ngati ngalandeyo idagumuka kapena ndi yaing'ono poyerekeza ndi madzi odutsamo, imeneyo ndi ya thumba lachiwiri, ndipo siingamangidwe pokhapokha italembedwa m'bajeti makhansala asanaivomereze. Mukabwera bajeti itadutsa, ngakhale mulire chotani, yankho loona ndi lakuti mudikire chaka chamawa.

Choncho funsani zinthu zitatu ku ofesi ya zachuma: chaka cha ndalama chimayamba mwezi uti, maganizo a anthu amatoleredwa liti, ndipo bajeti yovomerezedwa imaonedwa kuti. Pempho lanu lifike miyezi ingapo chakacho chisanayambe. Likalowa musavine msanga. Ndalama yolembedwa m'bajeti siinatuluke, ndipo yotuluka siinagwire ntchito. Misonkho ikatoleredwa yochepa, zimene zimayamba kudulidwa ndi za chitukuko, chifukwa malipiro a antchito sadikira. Ntchito ikayamba, funsani dzina la kontilakitala, ndalama zimene wapatsidwa ndi tsiku lomalizira, mulembe m'kope lanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekha kwake ndi kwa chaka chathunthu.

Mizinda ina idatsekula khomo limeneli kwambiri. Ku Porto Alegre m'dziko la Brazil, kuyambira mu 1989, anthu wamba adayamba kukumana m'madera awo kusankha ntchito zoyamba kugwiridwa ndi ndalama za mzinda. Ku Boston m'dziko la America, mu 2014, mzinda udapatula madola 1 miliyoni kuti achinyamata, kuyambira a zaka 12, apereke maganizo ndi kuvota okha za chimene zimangidwe. Onani kuti ngakhale kumeneko sadawapatse ndalamazo m'manja: maganizo awo ankayamba aunikidwa ngati ndi otheka ndiponso ngati akukwanira pa ndalamazo.

Za akuti ana sayankhula. Ulemu ndi kukhala chete si chinthu chimodzi. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, ndime 12, limati mwana amvedwe pa nkhani zomukhudza, ndipo pangano la achinyamata la African Union lomwe lidavomerezedwa ku Banjul mu 2006 limawerenga wachinyamata kuyambira zaka 15 mpaka 35. Ambiri mwa inu muli ndi ana anuanu. Koma musalowe mu msonkhano mukuwerengera akulu mapangano ngati mukuwaphunzitsa, angotseka makutu. Fikani msonkhano usanayambe, mupemphe kwa mlembi kuti mupatsidwe mpata, chifukwa si misonkhano yonse imene mlendo amaloledwa kulankhula. Sankhani wolankhula mmodzi, ndipo asakhale mnyamata nthawi zonse pamene atsikana ndiwo amadziwa bwino njira zamdima ndi zimbudzi zosatsekeka. Apereke ulemu kwa wapampando, anene dzina lake ndi amene amutuma, alankhule mphindi ziwiri kapena zitatu, osatchula munthu kuti ndi wakuba popanda umboni. Pomaliza afunse modzichepetsa kuti nkhaniyi aitenga ndani, ndipo yankho libwera liti, kenako apemphe kuti zilembedwe m'maminitsi. Lonjezo losalembedwa limathera pakhomo potuluka.

Nanga mukonze nokha? Konzani, madziwo akulowa m'nyumba zanu, osati za meya. Udzudzu nawo sudikira bajeti: nyengo yotentha umakula kuchoka pa dzira pa sabata imodzi kapena ziwiri zokha. Koma gwirizanani ndi a zaukhondo tsiku lisanafike kuti lole ibwere tsiku lomwelo. Matope ndi zinyalala zosiyidwa m'mphepete mwa ngalande zimabwerera momwemo ndi mvula yoyamba, madzi saiwala khwawa. Yambirani kumunsi kumene madzi amathira, muzikwera nayo. Mukayambira kumtunda mumasula madzi onse kupita pamalo otsekeka, ndipo mumiza nyumba za anzanu a kumunsi. Aliyense avale magolovesi olimba ndi majombo, chifukwa m'matopemo mumakhala magalasi osweka ndi masingano a jakisoni. Wina asalowe m'dzenje la mapaipi a zonyansa ngakhale atalimba mtima bwanji. Mumakhala mpweya wotchedwa hydrogen sulphide, wonunkha ngati dzira lovunda, womwe ukachuluka mphuno imaleka kuumva ndipo munthu amakomoka asanakuwe. Wolowa kukamupulumutsa amagwanso momwemo. Mapulasitiki musawotche, utsi wake ndi poizoni.

Mukamaliza lembani kuti munalipo angati, mwakonza mamita angati, lole yanyamula kangati, mupereke ku ofesi ija, ndi chidindo chomwe. Onjezerani funso lakuti khonsolo izibwera kangati kuchokera pano. Mukapanda kutero mudzazindikira kuti dera lanu lachotsedwa mwakachetechete pa ndandanda, poti "kuli achinyamata ojijirika".

Chisankho chikayandikira abwera okupatsani mawilibala ndi malaya a chipani. Wilibala landirani ngati ikuperekedwa poyera kwa gulu lonse n'kulembedwa m'buku. Malayawo aliyense azivala payekha tsiku lina, osati pa ntchito ya gulu, chifukwa akapambana wa chipani china makalata anu adzaoneka ngati a adani. Chenjeraninso ndi alawansi. Gulu limene lazolowera kulipidwa pa msonkhano uliwonse limabalalika tsiku limene envulopu yasowa. Ndalama iliyonse yolowa isayinidwe ndi anthu awiri, ndipo iwerengedwe pamaso pa onse mwezi ndi mwezi. Makope odindidwa aja, pamodzi ndi maina a maofesi amene mudafikako, asungidwe mu fayilo imodzi imene anthu awiri kapena atatu akudziwa pamene ili, mmodzi mwa iwo akhale wa zaka zochepa kuposa nonse, kuti mlembi wanu akapeza ntchito kutali kapena akakwatiwa, wotsalayo akafike ku ofesi ndi tsiku ndi nambala ya kalata yomaliza.