Jakisoni wochepetsa thupi: kodi kochi ndi wofunikadi, kapena akungofuna kukudyerani ndalama?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu ku Malawi amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ku Britain. Wandilola kuyankha poyera, koma dzina lake ndalisunga. Analemba kuti: "Ndili ndi zaka 41, ana awiri. Chibwerereni kuno ndanenepa kwambiri, mawondo akuwawa, ndipo adokotala akuti BP yakwera. Famase ina ya pa intaneti ikugulitsa Mounjaro, ndipo akuti ndikawonjezera ndalama andipatsa health coach wondiimbira foni. Kodi ameneyu ndi wofunikadi? Chinanso, ndikuopa kuti ndikaonda msanga, kwathu adzayamba kunong'onezana."

Achemwali, zikomo pondikhulupirira. Yankho langa ndi lakuti munthu woyenda nanu pa ulendowu mukumufuna ndithu, koma si aliyense wotchedwa kochi (health coach, mlangizi wa kadyedwe ndi zolimbitsa thupi) amene angakuthandizeni.

Tiyambe ndi mankhwalawo. Mounjaro amapangidwa ndi kampani ya Eli Lilly, ndipo dzina la mankhwala ake ndi tirzepatide. Anzake ndi Ozempic ndi Wegovy, a kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark, omwe ali ndi semaglutide. Onsewa mumadzibaya nokha kamodzi pa sabata, pamimba kapena pantchafu. Amatsanzira timadzi timene matumbo amatulutsa munthu akadya, timene timauza ubongo kuti wakhuta, komanso amachititsa kuti chakudya chichedwe kuchoka m'mimba. N'chifukwa chake njala imazilala. Mounjaro amayambira pa 2.5 mg, ndipo akhoza kukwezedwa pang'onopang'ono, pakadutsa masabata anayi kapena kuposerapo, mpaka 15 mg.

Amagwiradi ntchito, pamenepo sindikunamizani. Mu 2021 panatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa semaglutide wotchedwa STEP 1. Pa masabata 68, amene ankabaya mankhwala enieni anataya pafupifupi makilogalamu 15 pa 100 alionse a thupi lawo, pamene amene ankabaya jakisoni wopanda mankhwala anataya pakati pa 2 ndi 3 okha. Koma pali zinthu ziwiri zimene otsatsa malonda sakonda kuzitchula. Anthu onsewo ankakumana ndi mlangizi masabata anayi alionse, kukambirana za kadyedwe ndi zolimbitsa thupi za mphindi 150 pa sabata. Palibe amene anangopatsidwa jakisoni n'kuuzidwa kuti azipita. Ndipo ofufuza atatsatira ena mwa iwo chaka chimodzi atasiya zonse, anapeza kuti pa magawo atatu a kulemera kumene anataya, awiri anali atabwerera. Njala imabwerera mankhwala akatha m'thupi, ndipo imakupezani ndi chizolowezi chimene inakusiyani nacho.

Ndinazionera pafupi kwa mlamu wanga, amene nayenso amagwira mashifiti a usiku. Jakisoni wake, wooneka ngati cholembera, ankakhala m'furiji pafupi ndi majarini. Sabata yachitatu ndinamuchezera, anaphika nsima ndi nyemba, koma iye anangotema mbamu zitatu n'kukankhira mbale kutsogolo. Ankasangalala kwambiri, sikelo ikutsika. Chimene sankaona n'chakuti tsiku lonse ankakhalira tiyi ndi mabisiketi awiri, chifukwa ndi zokhazo zimene zinkalowa. Pofika mwezi wachitatu anali wofooka, wodzimbidwa, tsitsi likuthothoka pachipeso, ndipo kudzutsa agogo pabedi kuntchito kunayamba kumulemera. Kochi wake ankangomutumizira uthenga womuyamikira ndi mndandanda wa zakudya zimene iye sanadyepo chibadwire. Ufa wa nsima kochiyo sankaudziwa n'komwe. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndalama ankalipira mwezi uliwonse, ndalama za thukuta la usiku.

Thupi likamachepa, si mafuta okha amene amachoka. Minofu nayonso imatha, ndipo kwa inu amene ntchito yanu ndi yonyamula anthu, imeneyi si nkhani yamasewera. Apa ndi pamene kochi wabwino amaonekera. Adzakufunsani zimene munadya dzulo, nthawi yanji, pa shifiti iti. Sadzakuletsani nsima, koma adzakuthandizani kutembenuza mbale: muyambe ndi ndiwo zomanga thupi monga mazira, nyemba, usipa, nkhuku kapena masamba otendera nsinjiro, nsima ibwere pambuyo, kamtanda kakang'ono, ndipo ya mgaiwa ikapezeka ndi yabwino pa vuto la kudzimbidwa. Adzakukumbutsani madzi, poti njala ikazilala anthu ambiri amaiwalanso kumwa. Adzakupezerani zolimbitsa minofu zimene mungachite kawiri pa sabata m'chipinda mwanu momwemo. Ndipo chachikulu, adzayamba kukambirana nanu za tsiku losiya jakisoni musanabaye n'komwe woyamba.

Dziwani kuti ku Britain dzina loti health coach silitetezedwa ndi lamulo, aliyense akhoza kudzitcha choncho. Dzina loti dietitian, katswiri wa za kadyedwe, ndi lotetezedwa, ndipo mwini wake ayenera kupezeka m'kaundula wa HCPC, bungwe loyang'anira ena mwa ogwira ntchito zaumoyo. Choncho musanalipire, afunseni molimba mtima. Munaphunzira chiyani? Tizilankhulana kangati, ndipo ndi munthu yemweyo nthawi zonse kapena ndi mauthenga a kompyuta? Ndikayamba kusanza usiku ndiimbire ndani? Ndikasiya mankhwala mudzapitiriza nane kwa miyezi ingati? Muwauzenso kuti mumadya nsima, mumve mmene ayankhire. Amene angakufunseni kuti imaphikidwa bwanji ndiye wofuna kukuthandizani.

Kochi salemba mankhwala ndipo sasintha mlingo wake. Imeneyo ndi ntchito ya dokotala, kapena namwino ndi wazamankhwala amene ali ndi chilolezo chotero. Nseru, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kudzimbidwa zimachitikira ambiri, makamaka mlingo ukangokwezedwa. Koma kupweteka kwa m'mimba koopsa kosaleka, kofika mpaka kumsana, kukhoza kukhala kutupa kwa kapamba kapena miyala ya mu ndulu. Pamenepo musadikire foni ya kochi, imbani 111, nambala ya achipatala yofunsira thandizo lamsanga, kapena pitani kuchipatala.

Musanagule, kaonaneni ndi GP wanu, dokotala wa kuchipatala cha m'dera lanu, makamaka poti muli ndi BP. Thupi likamachepa BP imathanso kutsika, ndipo mankhwala amene mukumwa angafunike kusinthidwa. Mufunsenso ngati mungalandire kudzera ku NHS, chithandizo cha zaumoyo cha boma. Ku England ma GP anayamba kupereka Mounjaro mu June 2025, kuyambira ndi anthu a BMI (muyeso woyerekeza kulemera ndi msinkhu) 40 kupita m'mwamba amene alinso ndi matenda ena anayi okhudzana ndi kunenepa, ndipo mankhwalawo amabwera limodzi ndi uphungu wa kadyedwe ndi zolimbitsa thupi. Chimene ambiri a ife sitidziwa n'chakuti kwa anthu akuda ochokera ku Africa malire a BMI amatsitsidwa ndi 2.5, chifukwa shuga amatigwira tisananenepe kufika pa anzathu achizungu. Mukagula panokha, onani ngati famaseyo ili m'kaundula wa GPhC, bungwe loyang'anira mafamase, ndipo yabwino idzafuna umboni wa msinkhu ndi kulemera kwanu. Za pa Facebook ndi WhatsApp zotchipa zija, chonde zisiyeni. Mu June 2024 bungwe la WHO linachenjeza za Ozempic wachinyengo amene anapezeka ku Brazil, Britain ndi America. Muwerengerenso thumba la chaka chathunthu, osati mwezi umodzi, poti mu September 2025 mtengo wa Mounjaro unakwera kwambiri ku Britain, ndipo inu muli ndi anthu kumudzi amene amayang'ana kwa inu.

Pali china chimene simunafunse koma sindingachisiye. Mankhwalawa sabayidwa munthu ali woyembekezera, akuyamwitsa kapena akufuna mwana. Mounjaro akhozanso kufooketsa mapiritsi olera, choncho bungwe la MHRA, loyang'anira mankhwala ku Britain, limalangiza kuwonjezera kondomu kwa masabata anayi mukangoyamba ndiponso nthawi iliyonse mlingo ukakwezedwa, kapena kusinthira ku njira ina monga lupu kapena ya pamkono.

Tsopano za manong'onong'o. Mantha anu ndikuwamva, achemwali. Tinakulira m'nthawi imene munthu akaonda mwadzidzidzi anthu ankayang'anana osalankhula, ndipo mpaka lero "mwanenepatu" ndi moni wachikondi. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha munthu mmodzi, kaya amayi kaya achemwali anu aakulu, n'kumuuza ndisanayambe kuti adokotala apeza BP yakwera, mawondo akuvuta, ndipo ndikuchepetsa thupi mwadala mothandizidwa ndi achipatala. Zithunzi zanu zikadzayamba kuzungulira pa gulu la banja, iyeyo ndi amene adzakuyankhirani. Mlamu wanga anauza amayi ake mochedwa, atamva kuti agona masiku awiri osadya chifukwa cha nkhawa ataona chithunzi chake cha pa Khirisimasi. Panopa anapeza dietitian kudzera kwa GP wake, akudya mazira awiri asanapite ku shifiti, ndipo amayi ake ndi amene amamutumizira usipa wouma akapeza wobwera kuno.