Tafunsani: Madzi otuluka pamodzi ndi mafuta amathera kuti?

FUNSO: Akonzi, chiperekereni boma ziphaso zofufuza mafuta pa nyanja yathu mu 2011 nkhaniyi siitha pa bawo. Mlamu wanga akuti choopsa kwambiri si mafuta otayika ayi koma madzi amene amatuluka nawo pansipo. Ine ndikuti madzi ndi madzi basi, angaphe bwanji mtsinje? Akundinamiza eti? Wowerenga wanu, Karonga.

YANKHO: Achimwene, alamu anuwo musawaderere, apa akutsinani khutu. Chitsime cha mafuta sichitulutsa mafuta okha, amakwera pamodzi ndi madzi amene akhala pansi pa miyala kuyambira kalekale, ndipo chitsime chikamakalamba madziwo amachuluka mpaka kuposa mafuta enieniwo. Makina amalekanitsa, mafuta apite ku msika, madzi atsale. Nde funso lenileni ndi limenelo, atsala aja apita kuti?

Madzi ake si ngati a pa mjigo. Malo ambiri amakhala amchere kuposa a m'nyanja zikuluzikulu, muli timadontho ta mafuta, muli benzene amene amayambitsa khansa ya m'magazi, muli chitsulo chotchedwa barium, pena ndi radium yemwe, chitsulo chotulutsa cheza choopsa. Akathira mu kamtsinje choyamba kupha ndi mcherewo, tizilombo tija timakhala kunsi kwa miyala tomwe nsomba zimadya timatha, achule amasiya kulira, nkhanu zimasowa, kenako nsomba nazo. Mafuta amayandama pamwamba ngati utawaleza nkutchinga mpweya, zolemerazo zimamira m'matope nkukhala momwemo zaka ndi zaka, mvula yamphamvu ikagwa matope avunduka poizoni uja wadzukanso.

Za m'maluwa ayi, zinachitika ku Ecuador, dziko la ku South America. Kampani ya mafuta ya Texaco inagwira ntchito m'nkhalango ya Amazon kufupi ndi tawuni ya Lago Agrio kuyambira 1964 ndipo inayendetsa zitsime mpaka 1990. Zinyalala za mafuta ankazithira m'maenje ongokumba, pansi pake opanda chotchinga chilichonse, maenje mazanamazana, ena anaikamo kapaipi kopindika m'mbali kuti dzenje likadzadza madzi azitsikira okha kukhwawa. Kumunsi kwa khwawako anthu a mtundu wa Cofán ndi alimi ena ndi komwe amatunga, kusamba, kuchapa ndi kuwedza. Tangoganizani mayi akukankha kautawaleza kaja ndi chikho kuti atunge a pansi, iye kuona ngati wazemba.

Anthu anakasuma, kampani ina ya mafuta yotchedwa Chevron inagula Texaco mu 2001 nkutengera mlanduwo, khoti la ku Ecuador linagamula mu 2011 ndipo mu 2013 chipukuta misozi chinaikidwa pa madola 9.5 biliyoni. Chevron inakana kulipira, ikuti chigamulocho chinapezeka mwachinyengo komanso Texaco inakonza kale gawo lake, jaji wina ku New York anagwirizana nayo pa zachinyengozo mu 2014. Maloya adya bwino, koma khwawa silidziwa za apilo.

Ndiwonjezere ichi poti ambiri mumatifunsa: kuwiritsa kapena kuthira WaterGuard kumapha majeremusi a kolera, koma mchere ndi zitsulo sizichoka, mukawiritsa kwambiri madzi amaphwera zoipazo nkutsala zochindikala mu poto. Ndipo madzi otere atha kuoneka oyera mbee, maso sangakuuzeni.

Njira yake ilipo, makampani osamala amasefa madzi otuluka ndi mafuta aja nkuwapopera kubwerera pansi penipeni pomwe anachokera, kungoti zimadya ndalama nchifukwa chake pamene boma likugona ena amadula njira. Kwathu kuno palibe chitsime chimene chikutulutsa mafuta pakadali pano, nde musataye tulo. Koma tsiku lina akadzaitanitsa msonkhano kwa amfumu kukufotokozerani za ntchito ndi misewu, inu mudzakweze mkono mufunse kuti madziwo azidzawataya kuti, adzawayeza ndani, komanso ngati ayeza North Rukuru ndi timitsinje tina asanayambe kukumba, chifukwa popanda muyezo woyambawo adzakuuzani kuti mcherewo unalimo kale.