Za ChromeOS Flex pa laputopu yanu yakale ija, ndi mamega othera nyimbo

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati laputopu yanu ya Windows 10 ikuchedwa kuyaka ndipo mnzanu wina wakuuzani kuti muyikemo ChromeOS Flex, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yolowa m'malo mwa Windows, komanso kuti mamega pa foni akungothera nyimbo mwezi usanafike ndi pakati pomwe. Ine ndikuti musathamange kuyika Flex musanaone bwino komwe laputopuyo muzigwiritsira ntchito, chifukwa kuno ku Angónia, ku Mozambique, nkhani yonse yagona pa netiweki.

Kuchoka pa Windows 10 kokha mwaganiza bwino. Microsoft inasiya kuyisamalira pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komwe makompyuta ambiri akale alibe, ndiye imangokana kulowa.

Flex ndi ya Google, inatuluka 2022, ndi yaulere. Imafuna RAM ya 4GB, malo a 16GB ndi purosesa ya Intel kapena AMD ya 64-bit, ndipo zoonadi imayaka msanga, laputopu yomwe munaitaya mtima imakhala ngati yatsitsimuka. Koma dziwani kuti mukayatsa chomwe mukupeza ndi Chrome basi, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti ija, pafupifupi ntchito zonse zikuchitikira pa intaneti. Word ndi Excel zomwe munazolowera zija sizilowa, mulembera mu Google Docs ndipo mafayilo ambiri azikakhala ku Google Drive, komwe amakupatsani 15GB yaulere koma 15GB yomweyo mukugawana ndi Gmail komanso zithunzi za Google Photos, ndiye ngati foni yanu imatumiza zithunzi yokha mupeza malo adzadza kale. China chomwe anthu sauzana nchakuti Flex ilibe Play Store. Ma Chromebook, malaputopu ogula kusitolo ali kale ndi ChromeOS, ndi amene amalola ma apu a Android, Flex ayi, ndiye musayembekeze kuti ma apu a pa foni aja muwapezamo.

Kulemba opanda intaneti mu Docs kumatheka ndithu, koma muyenera kutsegula Offline mu Drive mukadali pa netiweki, ndi kusankhiratu mafayilo omwe mukufuna. Mukaiwala, mwafika kumudzi madzulo mukufuna kumaliza lipoti la mawa, fayilo ikungooneka dzina lotuwa osatseguka. Ndimamva chisoni ndi aphunzitsi athu makamaka, munthu wakonza mayeso a ana kenako akuyendayenda pabwalo foni m'mwamba kusaka Movitel kapena Vodacom kuti pepala lake lomwe litseguke.

Ndiye ngati muli ku vila ku Ulónguè kapena mumzinda wa Tete kapena ku Moatize ndipo kuntchito kuli waifai yodalirika, ikani Flex, mukondwa nayo. Koma ngati nthawi zambiri mumakhala cha ku Dómuè kapena ku Tsangano nkumadalira hotspot ya foni, ine ndingakulangizeni Linux Mint, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, mtundu wake wotchedwa Xfce. Nayonso ndi yaulere, ndi yopepuka, imabwera ndi LibreOffice yomwe imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ndipo zonse zimakhala mu laputopu momwemo kaya netiweki ilipo kaya palibe.

Chabwino nchakuti zonse ziwirizi mutha kuziyesa pa fulashi musanayike. Ya Flex mumakonza ndi Chromebook Recovery Utility mu Chrome, pezani fulashi ya 8GB kapena kuposa. Yatsani laputopu kuchokera pa fulashiyo muone ngati waifai, mawu ndi kiyibodi zikugwira. Ndipo chonde achimwene, musanadine Install koperani zanu zonse kwina, Flex imafufuta disiki yonse, zithunzi za ukwati ndi ma setifiketi zonse zimapita osabweranso. Mwinanso chomwe chikuchedwetsa laputopu ndi disiki yakale yozungulira ija, mukaikamo SSD, disiki yamakono yothamanga, laputopu imasintha kwambiri ngakhale musanasinthe china chilichonse.

Tsopano za nyimbo. Nyimbo ya 128 kbps imadya pafupifupi 1MB pa mphindi, ndiye ola limodzi ndi cha m'ma 60MB, mukamamvera maola awiri tsiku lililonse pa mwezi mwadutsa 3GB osazindikira. Ngati mumamvera pa YouTube ndiye zafika poipa chifukwa mukulipiranso kanema yemwe simukumuonera nkomwe, foni ili m'thumba.

Spotify inafika ku Mozambique ndi ku Malawi mu 2021, yaulere ilipo koma siilola kudawunilodi nyimbo, zimenezo nza olipira. Mukakakamira yomweyo lowani mu Settings mutsegule Data Saver, mutsitse Audio quality ifike pa Low, ndipo muzimitse Canvas, tikanema tobwerezabwereza tija. Ine ndimakonda Audiomack kwa munthu wosunga mamega chifukwa nyimbo zambiri imalola kudawunilodi mwaulere nkumamvera data itazima, ndipo oimba achinyamata a kuno ku Africa amaikako kwambiri. Boomplay mwina muli nayo kale ngati foni yanu ndi Tecno, itel kapena Infinix. Dawunilodani mukapeza waifai, kamodzi, osati kukoka nyimbo imodzimodzi pa intaneti m'mawa uliwonse. Kungoti nyimbo zodawunilodi mu apu zimakhala mu apu momwemo, simungazikopere pa fulashi kuti mukapatse dalaivala wa chapa (minibasi).

Za makwaya athu akutchalitchi ndi oimba akuno omwe sapezeka pa ma apu amenewa, memori kadi ndi VLC, apu yoseweretsa nyimbo, zikukwanirani, ndipo ngati woimbayo akugulitsa yekha mugulireni ndithu, studio analipira.

Chimodzi chokha ndikukanizeni, ma Spotify obedwa omwe anthu amatumizirana pa WhatsApp akuti Premium yaulere. Simukudziwa amene anawakonza ndi zomwe anabisamo, pomwe foni yomweyo ndi imene muli ndi M-Pesa kapena e-Mola yanu.

Tandilemberani modelo ya laputopuyo (onani kapepala ka pansi pake) ndi kukula kwa RAM, tione ngati ili pa mndandanda wa makompyuta omwe Google inawayesa ndi Flex.